A Masudi ndi Mbewu ya Kandevu

Loweruka likubwerali tikuchita arubaini ya apongozi anga, a Masudi, sadaka ya masiku makumi anayi chiwaikireni m'manda. Kiyi wa kachipinda ka mbewu ndamumangirira m'chiuno, mkati mwa chitenje, ndipo ngakhale posamba sindikumuvula. Azimayi amene abwera kudzatithandiza kupeta mpunga akundiseka kuti ndasanduka msilikali wa kundende. Ndikungowasiya aseke. Chifukwa chake akuchidziwa onse, koma palibe akuchidziwa kuposa ine.

A Masudi sanali shehe, sanalinso ndi udindo uliwonse pamudzi. Kumzikiti ankakhala mzere wakumbuyo, pafupi ndi khomo, kuti swala ikangotha akhale oyamba kutuluka kubwerera kudambo. Anali aafupi, a mapazi aakulu ong'aluka, ndipo kofia yawo inaiwala kalekale kuti inagulidwa yoyera. Dzino lawo lakutsogolo linali ndi kampata kamene kanabwera chifukwa choluma njere za mpunga moyo wawo wonse. Akalowa mumsika wa ku Benga, azimayi ena ankaphimba mabeseni awo. Ankatola njere imodzi, kuiluma, kutsinzina pang'ono, kenako n'kunena dambo limene mpungawo wachokera, ndiponso ngati unayanikidwa pamphasa kapena m'mphepete mwa tala. Ndinawaonapo akuuza mayi wina kuti wasakaniza mitundu itatu m'beseni limodzi. Mayiyo anakana mpaka kulumbira, kenako anaphulika kuseka n'kuvomera. Ine ndinaima pambali ndi basiketi yanga, ndikuchita nawo mantha munthu amene ndinkamuphikira tsiku ndi tsiku.

Mpunga wawo weniweni unali Kandevu. Simungaupeze m'sitolo, ndipo m'mabuku a alangizi mulibe. Unabwera ndi akazi awo, mayi Mwanaisha, ataumanga pangodya ya chitenje pamene ankakwatiwa kuchokera ku Dwambazi, ndipo iwonso anachita kuulandira kwa amayi awo. Ndi wautali kufika m'chifuwa, ndipo njere iliyonse ili ndi kandevu kakuda kamene mpheta zimadana nako. Umachedwa kucha, subereka kwambiri, mphepo ikakula umagona pansi. Koma madzi akasefukira m'dambo, iwo umangotalika nawo pamene mpunga wina wamira. Ukauphika, anthu odutsa kumsewu amakumbukira mwadzidzidzi kuti anali nawe nkhani yoti mukambirane.

Chaka chilichonse, ngala zikayamba kuwerama, a Masudi ankalowa m'munda ndi tinsanza tofiira m'thumba la mkanjo. Tsinde limene lawakomera ankalimanga kansanza. Ankatha masiku ambirimbiri pa munda woti munthu akhoza kuudutsa asanamalize kupereka moni pa foni. Ngala za matsinde omangidwawo ankazidula okha ndi kampeni, kuzipuntha pazokha, n'kuziika m'matumba awiri pansanja ya m'kachipinda kogundana ndi khitchini, mmene utsi umalowera. Imeneyo ndiyo inali mbewu. Aliyense wodzapempha ankamupatsa kapu imodzi, ndipo sanagulitsepo ngakhale njere.

Mdani wawo wapamtima anali a Nyirenda, alangizi a zaulimi, munthu wamtali wa kumpoto amene Chichewa chake chinkamveka ngati akuimba. Awiriwa anakangana zaka pafupifupi makumi awiri. Njinga yamoto ya a Nyirenda ikamveka kumsewu, apongozi anga ankayamba kumwetulira, n'kutuma kuti tiike madzi a tiyi pamoto.

"Bambo Masudi, munda uwu ukhoza kukupatsani kawiri zimene mukukololazi," a Nyirenda ankatero. "Mbewu yamakono ilipo, feteleza alipo. Mukulimbirana chiyani ndi udzu wandevuwu?"

"Ndipatseni dzanja limodzi la yanuyo, ndikaiyese kumalire."

Ankaiyesadi. Kumalire a munda kunali kachigawo kamene ankakatcha sukulu, ndipo mbewu iliyonse yatsopano inkaphunzira pamenepo zaka zitatu. Zina zinkakhoza. Mpunga waufupi wocha msanga anaulandira, n'kuupatsa mbali yakumtunda, chifukwa umapsa nthawi imene nkhokwe zapepuka. Koma kuti achotse Kandevu, pamenepo a Nyirenda ankangotaya malovu. Apongozi anga ankafuna kudziwa ngati mwana wa mbewuyo adzafanane ndi mayi wake ukaibzalanso chaka chamawa. Ankafunanso kudziwa kuti chaka chimene mlatho wakokoloka, galimoto ya mbewu osafika, mbewuyo idzakhala ili m'manja mwa ndani.

Kenako kunabwera ena, achinyamata a bungwe lina lolimbikitsa ulimi wa oganiki, wopanda feteleza ndi mankhwala opopera. Anamva kuti kuno kuli mkulu wosunga mbewu ya makolo, ndipo anafika ndi kamera ndi chikwangwani chopakapaka kale penti. Anawakhazika pamkeka, anawakonza kofia, n'kuwapempha kuti anene ndi pakamwa pawo kuti feteleza amapha nthaka. A Masudi anamvetsera mpaka kumapeto, chifukwa sankadula munthu mawu. Kenako anapepesa kuti dzuwa likuwathera, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi thumba la feteleza lotsala theka, kuliika pa njinga. Mtsikana amene ankatsogolera gululo anatsala pang'ono kulira.

"Agogo, nanunso?"

"Chimanga changa chili pamchenga, mwana wanga. Manyowa a mbuzi zitatu sangachikwane. Kudambo sindithira chifukwa mtsinje umandithirira wokha chaka ndi chaka. Tiyeni mukandijambule kumeneko, koma thumba ili mulijambulenso."

Chikwangwani chija anabwerera nacho.

Nkhani ya mbewu zosinthidwa ndi akatswiri, zimene pawailesi amazitcha ma GMO, itafika pakhonde la mzikiti, azibambo anagawikana. Ena ankati zimatha mphamvu za abambo m'nyumba, ena ankati ndiye zidzatipulumutsa ku mbozi zimene zikutha chimanga. Onse ankafuna a Masudi kumbali yawo, ndipo onse anabwerako manja ali m'khosi. Iwo anati sangachitire umboni mbewu imene sanaibzalepo, monga mmene sangachitire umboni munthu amene sanamuonepo. Aipeze, aiike kusukulu kuja zaka zitatu, pamenepo adzayankhula. Anangokumbutsa anzawo za chaka cha njala yaikulu, pamene chimanga cha thandizo chinabwera chogayagaya kale kuti wina asachibzale. Iwo anadya, anathokoza Mulungu, ana awo anakhala ndi moyo, ndipo sanafune kumva wina akunyoza chakudya chimenecho. Koma ankati ufa uja anaugwira m'dzanja nthawi yaitali asanaupereke kukhitchini. Chinawadabwitsa n'chakuti munthu wina wakutali, amene sanaonepo dambo lathu, anali atagamula kale kuti njere zimenezo zikathere mu mphika.

Pamene ankanena zimenezi pakhonde paja, ine ndinali nditawagayira kale mbewu yawo. Sananditchule.

Ine ndinakulira m'nyumba za antchito ku Dwangwa. Bambo anga anachokera ku Mulanje kudzadula nzimbe, ndipo kwathu mpunga unali chinthu choyera kale, chogula pa mbale. Ndinali nditangotha chaka ndi miyezi pa banja ndi Juma, mwana wawo wachiwiri, Amina wanga ali kumsana, pamene mayi Mwanaisha anamwalira. Kandevu wodya anali atathera pa matenda ndi pa maliro. Arubaini yawo inagwa mvula ili pafupi, anthu akukonza kale nazale. Kunabwera khamu limene sitinaliyembekeze. Lole yodzaza inatsitsa abale a ku Dwambazi, ena anabwera pa maboti, ndipo dzuwa lisanafike pamutu mpunga wogula unali utatha, theka la anthu lisanalandire mbale.

Azimayi aakulu ankaloza ana zala, wina akuti uyu ndiye anayeza molakwa, wina akuti uyo. Ine ndinkafunitsitsa aone kuti mtengwa wa ku Dwangwa ndi wochangamuka. Ndinalowa m'kachipinda kaja kufunafuna beseni, ndipo pansanja ndinaona matumba awiri a mpunga wosapuntha mankhusu, atangokhala. Ndinaganiza kuti anthu onsewa ndi ogona. Sindinafunse munthu. Ndinaitana wa kabaza, tinakweza matumba onse awiri, ulendo wa kuchigayo, ndipo pasanathe ola ndinabwera nawo uli woyera mbee. Azimayi anandiwombera m'manja. Fungo litayamba kutuluka m'miphika, iwo anaganiza kuti mwini wake ndiye wautulutsa polemekeza akazi ake.

Azibambo anali pansi pa mtengo wa mango, pemphero la dua litangotha. Juma anandiuza pambuyo pake kuti bambo ake anadzutsa mutu, zala zinaima pa mikanda ya tasibihi, ndipo anayang'ana kukhitchini nthawi yaitali osaphethira. Mbale itafika pamaso pawo, anasamba m'manja, anatchula dzina la Mulungu, n'kuyamba kudya. Anadya pang'onopang'ono mpaka kumaliza. Njere zimene zinagwera pamkeka anazitola imodziimodzi. Alendo ankayamikira kuti sadaka yotere sanaionepo, ndipo iwo ankangogwedeza mutu kuvomera.

M'mawa mwake anaima panja pa khitchini, atapereka msana kukhomo monga amachitira apongozi.

"Amake Amina, pansanja paja munasiyapo kanthu?"

"Ayi, bambo. Ndinatenga onse awiri."

"Kuchigayo?"

"Kuchigayo, bambo."

Ndinkangomva nkhuku zikupalasa.

"Munauphika bwino," anatero. "Mayi anu apita ndi mpunga wawo."

Anali Juma amene anandiuza chimene ndinachita. Mpunga ukadutsa m'chigayo sumeranso. Mbewu imene inachokera kwa agogo a agogo ake, yosankhidwa tsinde limodzilimodzi chaka ndi chaka, ine ndinaigaya ndi kuigawa m'mbale masana amodzi. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinawachitepo, ndipo sindikufuna kudzawachitanso. Ndinamanga katundu kuti ndizipita kwathu. Apongozi anga anatuma mawu kuti katunduyo amasulidwe, ndiponso kuti aliyense amene anditchulire nkhaniyi pakhomo pawo akadyere kwina. Achemwali a Juma anameza mawu awo, ngakhale ndinkawaona akuwatsamwa pakhosi.

Anayamba ndi anthu amene anawapatsapo kapu ya mbewu. M'mawa uliwonse ankakwera njinga yawo yakapalasa, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, tsiku lina ku Benga, tsiku lina midzi ya kumtunda. Anapeza kuti wina anadya mbewuyo chaka chomwecho, wina anaisiya chifukwa ogula amafuna mpunga wa kusikimu ya ulimi wothirira, wina anaisakaniza mpaka osadziwanso kuti uti ndi uti. Ankabwerako ndi kathumba kopanda kanthu, kusamba, kuswali, mawa n'kunyamukanso. Mvula inabwera, anthu anawokera, ndipo kwa nthawi yoyamba m'dambo lathu munalibe Kandevu. Ine ndinkawaona akuwonda.

Mpunga utatulutsa ngala, anasintha njira. Ankadziwa kuti munda umene unalimidwapo Kandevu sumuiwala msanga, njere zoyoyoka zimamera zokha pakati pa mpunga wina. Ndiye anayamba kuyenda m'minda ya eni ake, madzi m'chiuno, misundu ili mbwee m'miyendo, akufunafuna kandevu kakuda kotumphuka pamwamba pa mpunga waufupi. Kwina anawathamangitsa, kuwanena kuti akuba zokolola m'matsenga. Iwo ankapepesa, kutuluka, n'kukalowa munda wotsatira.

Tsiku lina njinga yamoto inaima pakhomo. A Nyirenda sanatsike n'komwe.

"Ndamva kuti udzu wanu uja watha."

"Watha."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikukalipira alimi kuti azizula mpunga wachilendo m'minda mwawo. Osamva onse ndikuwadziwa, mayina awo ndi minda yawo yomwe. Kwerani."

Ndinawaona akutuluka, wamtali kutsogolo, wamfupi kumbuyo atagwira kofia ndi dzanja limodzi. Anayenda masiku anayi, mpaka kukafika ku Dwambazi. Akuti a Nyirenda, amene sankafuna matope pa nsapato zawo, anavula n'kulowa nawo m'madzi, akukangana njira yonse. Zimene anabwera nazo zinali zokulunga m'kampango, zosadzaza ngakhale mbale yodyera. Ndipo sizinali zonse Kandevu. Zina zinali mpunga wofiira wakutchire, umenenso uli ndi ndevu, zina zinali ndi ndevu koma zopanda fungo. A Masudi anakhala pakhonde ndi lichero pamiyendo, kupatula njere imodziimodzi, ina kuiluma, ina kuinunkhiza, kwa masiku atatu.

Chaka chotsatira nazale yake inali yaikulu ngati mkeka woswalira. Ngala zitawerama, anauza Juma kuti amake Amina abwere kudambo. Juma anati apite yekha, poti ine ndinali ndisanayambe kuwayang'ana kumaso chichitikire zija. Iwo anayankha kuti maso a Juma amangoona usipa.

Munthu ndi mpongozi wake sachezerana, ndiye sukulu yathu inali yopanda mawu. Pakati pa dambo pali kachulu. Ankakhala pamenepo chammbali, ngati akuyang'ana kwina, atandisiyira tinsanza pa udzu. Ine ndinkalowa m'munda n'kugwira tsinde limene ndikuganiza kuti ndi labwino. Ndikalakwa, ankatsokomola kamodzi. Ndikalondola, ankakhala chete, ndipo ndinkamanga. Chaka choyamba anatsokomola mpaka oyandikana nawo munda anauza Juma kuti apite nawo kuchipatala akawayeze chifuwa chachikulu. Koma pang'onopang'ono manja anga anayamba kumva. Ngala ikhale yolemera mpaka kunsonga, popanda njere zopanda kanthu m'khosi mwake. Ana a tsinde limodzi akhale ofanana msinkhu. Lokongola kwambiri lakumalire ulisiye, chifukwa lanenepa ndi malo, osati ndi mtundu. Zonsezi palibe anandiuza ndi pakamwa, ndinaziphunzira ku chifuwa cha nkhalamba.

Chaka chachitatu ndi pamene analola kuti tisinje kapu imodzi mumtondo ndi kuphika. Nthunzi itatuluka, anali panja, atapereka msana monga mwa masiku onse. Ndinaona mapewa awo akugwedezeka. Anangonena mawu amodzi, akuti wabwera, ndipo sindinafunse ngati akunena mpunga kapena mwini wake. Mbale yoyamba anaitumiza kwa a Nyirenda, amene anali atapuma kale pa ntchito. Yankho linabwera loti mpungawo ndi wokoma, koma kubereka kwake n'komvetsabe chisoni. Apongozi anga anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kofia.

Sabata yomweyo anagula loko n'kumuika pa chitseko cha kachipinda kaja. Anakhazikitsanso lamulo loti thumba limodzi lisamatsike pansanja mpaka mbewu yatsopano italowa. Nditaona lokoyo mtima unandiwawa, koma ndinati ndi zoyenera, wakuba wake ndine. Madzulo asanafike Juma anabwera kukhitchini atatambasula dzanja. Bambo ake anamutuma kuti kiyi akhale ndi ine. Ndinafunsa kuti mwina sanamve bwino. Iye anati anafunsanso kawiri, ndipo anamuyankha kuti pamudzi ponse pano munthu amene sangadzagayenso mbewu ndi mmodzi yekha.

Mpaka lero sindidziwa kuti mtima woterowo munthu amautenga kuti. Ndaona anthu opemphera kwambiri, ndaona anthu ophunzira kwambiri, koma sindinaonenso wina woti umuwonongere chinthu chimene wachisamala moyo wake wonse, iye adye mbale yonse osakwinya nkhope, kenako akupatse kiyi.

Zaka za kumapetozi miyendo inawakana, koma nthawi yomanga tinsanza ikafika Juma ankawakweza pa njinga mpaka pa kachulu. Kutsokomola kunachepa, mwina kawiri pa tsiku, nthawi zina kamodzi, ndipo kamodziko ndinkapita nako kunyumba n'kumakaganizira. Chaka chino anadwala Kandevu atangoyamba kutulutsa ngala. Anagona masiku atatu kuchipatala cha paboma, n'kutisiya. Pochapa zovala zawo ndinapeza m'thumba la mkanjo muli tinsanza tofiira, tong'ambidwa kale bwinobwino, tomangidwa pamodzi ndi ulusi. Anatidula pa chitenje chomaliza cha mayi Mwanaisha chimene chinatsala m'bokosi.

Dzulo m'mawa ndinasiya azimayi akupeta, ndinatenga tinsanza tija n'kupita kudambo, chifukwa mpunga wacha ndipo sudikira arubaini. Kachulu kali pomwe paja. Pamwamba pake pali malo osalala, olowa pang'ono, pamene ankakhala, ndipo udzu wayamba kumera m'mbali mwake. Ndodo yawo yoingitsira mbalame idakazikika pomwe anaisiya, chiswe chayamba kuikwera.

Ndinalowa m'madzi, ndinagwira tsinde loyamba, ndinadikira. Kunali chete, ndipo ndinamanga. Lachiwiri chimodzimodzi, lachitatu chimodzimodzi. Nditafika pakati pa munda mantha anandigwira, chifukwa kale chete ameneyu ankatanthauza kuti ndalondola. Ndiye ndinasankha dala tsinde loipa, lopepuka, la njere zopanda kanthu m'khosi, loti ngakhale mtengwa wa ku Dwangwa uja akanaliona. Ndinaligwira, kansanza kali m'dzanja, msana nditapereka ku kachulu, ndipo ndinadikira nthawi yaitali. Kunkangomveka mpheta.